Chithunzi cha Mayeso

Ku Senga Bay kunalibe munthu wodziwa kufinya filimu ngati Jailosi. Pakabokosi ankalembapo kuti zithunzi 36, koma iye ankatulutsamo 38, tsiku labwino 39. Nzeru yake inali bulangete. Anzake ojambula ankaika filimu poyera, kenako n'kudina kawiri katatu mwachabe kuti mbali yopsa ndi kuwala idutse. Jailosi zimenezo ankaziona ngati kutaya ufa. Iye ankalowa m'nyumba, n'kufunda bulangete ngakhale m'mwezi wa Okutobala, n'kumapapasa mumdima mpaka filimu itagwira bwino. Ankatulukamo thukuta lili kamukamu, koma akumwetulira.

Inali nthawi imene matipate anali atangoyamba, ndipo aliyense ankafuna kuoneka. Atsikana a m'mahotela anali atayamba kuvala mathalauza osaopa munthu, ndiye ankafuna umboni wotumiza kumudzi. Asodzi ochokera ku Mbenji ankajambulitsa atanyamula wailesi zatsopano paphewa. Anyamata a zipani nawo ankaima manja ali m'mwamba, aliyense ndi chizindikiro cha chipani chake. Jailosi ankazungulira panjinga, kamera ili pakhosi, ndipo filimu ikatha ankakwera minibasi kukatsukitsa ku Lilongwe.

Ntchito ankaidziwa, pamenepo tisamunamizire. Ankadziwa kuti dzuwa liyenera kukhala kumbuyo kwa wojambula, kuti munthu ukamuimika kutsogolo kwa madzi masana amatuluka bii ngati chitsa chopserera, ndiponso kuti podina batani umayamba wagwira mpweya. Chimene ankadana nacho kwambiri chinali ana othamangira kumbuyo kwa munthu wojambulitsa. Ankawathamangitsa ngati nkhuku pa mphasa ya mphale.

Koma analinso ndi kachinyengo kake. Fulashi yake inali yochita kumangirira pamwamba pa kamera, ndipo kumbuyo kwake kunali kabatani kofiira koyesera mabatire. Ukakadina, kuwala kunkang'anima ndithu, koma filimu osasuntha. Kabatani kameneka kanali ka anthu ofuna zaulere: zidakwa za pamsika, alamu, azisuweni ochokera ku Chitala. Ankawaimika bwinobwino, kuwakonza kolala, kuwauza kuti amwetulire, kenako ng'ani! Akadzafunsa pambuyo pake, yankho linali lokonzeratu, loti zithunzizo zinapsa.

Munthu amene anang'animiridwa kuposa onse anali mwana wake yemwe, Mayeso, kamtsikana ka zaka zinayi. Mayi ake, Enifa, ankachapa nsalu paloji ina ya m'mbali mwa nyanja. Lamlungu lililonse ankamuveka mwanayo diresi lachikasu, kumudzoza mafuta mpaka chipumi kunyezimira, n'kuuza mwamuna wake kuti amujambule asanadetse zovala. Mayeso akangoona kamera ankaima ngati msilikali, mapazi pamodzi, manja m'mbali, chibwano m'mwamba. Bambo ake ankagwada, kutsinzina diso limodzi, n'kudina kabatani kofiira. Mwanayo ankaseka mpaka kugwa pansi.

Sikuti Jailosi sankamukonda mwanayo. Ankamukonda kwambiri, moti nsomba ikakhala imodzi ankamuchotsera minga yekha. Kungoti ankaganiza kuti chithunzi n'cha munthu amene ali kutali. Mayeso anali pomwepo, tsiku lililonse akumukoka thalauza. Adzamujambula bwinobwino akadzayamba sukulu. Enifa akafunsa za zithunzizo, ankauzidwa kuti zinapsa, kapena kuti a ku Lilongwe anasokoneza maenvelopu, ndipo iye sankalimbikira.

Malungo anabwera ndi mvula zoyamba. Mwanayo anatentha thupi, n'kuyamba kukomoka. Anathamangira naye kuchipatala cha ku boma, a chipatala anayesetsa, koma Mayeso sanadzukenso. Pamaliro panadzaza anthu. Amayi ena anabwera atavala nsalu za zipani, ndipo Jailosi atakhala pansi pa mtengo ankangoona nkhope za akuluakulu andale zikudutsa, nkhope imodzimodzi pa mayi uyu ndi uyo, pamsana ndi m'chiuno momwe. Nthawi imeneyo sanaganizepo kanthu.

Achibale atabalalika, nyumba inakula. Tsiku lina m'mawa Enifa anasiya kusesa, n'kukhala pakhonde tsache lili m'manja.

"Abambo a Mayeso," anatero, "nkhope ya mwana ikundithawa. Ndikatsinzina ndikungoona diresi lija. Ndipezereni chithunzi chimodzi chokha."

Jailosi anayankha kuti afufuza.

Anafufuzadi. Anali ndi chitini cha mabisiketi chodzaza ndi manegetivu, ndi katoni ya zithunzi zimene eni ake sanabwere kudzatenga. Enifa akapita kuntchito, iye ankazikhuthulira pamphasa. Munali anthu ambiri m'katonimo: akwati amene mwina anasiyana kale, msodzi wina wa mano osweka, kwaya yonse ya amayi, mzungu atagwira kampango. Anthu osawadziwa n'komwe anali m'nyumba mwake ndi nkhope zawo zonse, maso, mphuno ndi makutu. Manegetivu ankawakweza kudzuwa limodzilimodzi mpaka maso kuwawa, kufunafuna kamutu kakang'ono kumbuyo kwa anthu. Panali ukwati wina umene Mayeso anapita nawo, ndipo filimu ya ukwatiwo anaipeza. Koma kumbuyo kwa akwatiwo kunali mbee. Anakumbukira kuti anali iye mwini amene anakalipira ana tsiku limenelo kuti achoke.

Anazungulira kwa anthu amene anawajambulapo pafupi ndi kwawo, kupempha kuti aone zithunzi zawo. Anthu ankamutulutsira mwachisoni, ena ankachita kuzichotsa pakhoma. Zonse zinali zoyera bwino, zopanda mwana aliyense kumbuyo, monga mmene iye ankanyadira. Madzulo Enifa sankafunsa. Ankangomuyang'ana m'manja akamalowa, ndipo zimenezo zinkamupweteka kuposa kufunsidwa.

Kamera inali ili pamsomali chimwalirire mwana. Tsiku lina akuipukuta fumbi anaona kuti filimu ili m'katimo yangofika pakati, ndipo anakumbukira mmene anaiikira. Linali tsiku la msonkhano wa chipani pabwalo la mpira. Galimoto ya zokuzira mawu inali itadutsa kale, iye atachedwa, ndipo bulangete lija Enifa anali atalichapa, likudontha pachingwe. Kwa nthawi yoyamba anaika filimu poyera ngati anzake, atakhala pakhonde, kamera ili pamiyendo. Anadina kawiri mwachabe, akudandaula zithunzi ziwiri zotayika. Mayeso anali pabwalo pomwepo. Koma anali mbali iti? Anayesa kukumbukira mpaka mutu kuwawa, osapeza yankho.

Munthu amene ankafunda bulangete mu Okutobala chifukwa cha zithunzi ziwiri, atangokumbukira zimenezi anabweza filimu yotsala theka lonse osajambula, n'kuiika m'thumba la malaya. Anangouza mkazi wake kuti akupita ku Lilongwe. M'minibasi anakhala dzanja lili pathumba ulendo wonse, ngakhale mayi wa pambali pake anali atamutsamiritsa dengu la usipa.

Kusitudiyo kumene ankatsukitsa kunkagwira ntchito Abdallah, mwamuna wa kwawo konko kunyanja, amene anazolowerana naye. Abdallah anali atamva za maliro, ndipo anamupepesa asanalandire filimu. Jailosi anamufotokozera zonse, ngakhale za kabatani kofiira, zimene anali asanauzepo munthu. Abdallah sanamudzudzule. Anangoti, "Inshallah, Mulungu akalola chituluka," n'kulowa m'kati.

Jailosi anadikira pabenchi, akuyang'ana zithunzi za ana a eni ake zimene anamata pagalasi kuti zikope anthu. Abdallah atatuluka anali ndi envelopu, koma anayamba waonetsa negetivu. Chithunzi choyamba chinali chakuda chonse. Chachiwiri chinali chopsa kuyambira pamwamba kufika pakati, ndipo makina anachidumpha monga amachitira ndi zopsa zonse.

"Ichi n'chowonongeka, achimwene," anatero Abdallah.

"M'munsimu muli kanthu. Tsukani chomwecho."

Abdallah anachitsuka. Chitatuluka anachigwira kanthawi, ngati akuganiza zoti asachipereke, kenako anachiika pakauntala.

Theka la pamwamba linali lofiira ngati moto, lopanda kanthu. M'munsi munali dothi la pabwalo lawo, m'mphepete mwa beseni lochapira, ndi miyendo iwiri yaing'ono kuyambira m'mawondo kutsika. Phazi limodzi linali mu nsapato yapulasitiki, linalo lopanda. Mapaziwo anali pamodzi, ataima chilili. Mwanayo anali ataona kamera pamiyendo ya bambo ake, n'kuthamangira kudzaima patsogolo pawo monga mwa masiku onse, ndipo bambo akewo sanakweze n'komwe maso.

Jailosi anafunsa ngati pali njira yochepetsera kupsako kuti nkhope ioneke, ngakhale mwa chizimezime. Ankadziwa yankho, poti ntchitoyi inali yake, koma anafunsabe. Abdallah anati ayesa. Anatsuka china chakuda kwambiri, chinanso chowala kwambiri. Moto uja unkangosintha mtundu, koma pamwamba pa mawondo panalibe chilichonse. Pamene kuwala kwadya filimu sipatsala kanthu koti munthu n'kukonza. Zithunzi za anyamata a chipani zonse zinatuluka bwino kwambiri.

Anafika kunyumba dzuwa likadalipo. Enifa anali pakhonde akupinda zovala zimene anaanula. Anamuyang'ana m'manja. Jailosi anakhala pambali pake, n'kumupatsa chithunzicho.

Enifa anapukuta manja pachitenje asanachilandire. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Chala chake chinayenda pa bondo lamanzere pamene panali kachipsera ka njinga, n'kutsika mpaka paphazi lopanda nsapato.

"Ndi iyeyu," anatero. "Taonani mmene waimira."

Kenako anafunsa ngati a ku Lilongwe sangakonze pamwambapo. Jailosi anapukusa mutu, n'kunena kuti ayesa kale ndipo zakanika. Anafunanso kunena zambiri. Anayamba ndi mawu akuti, "Amake Mayeso, zithunzi zija ndinkati zinapsa," koma sanamalize.

"Ndinkadziwa," anatero Enifa, maso ali pachithunzi. "Mukajambula anthu ena, chala chanu chimapukusa kachitsulo kokokera filimu kaja. Kwa Mayeso simunkapukusa."

Jailosi anamva manyazi ndi chisoni zikumukwera pamodzi, moti akanakonda mkaziyo akanamutukwana kapena kumuponyera beseni. Koma Enifa sanakweze mawu. Patapita kanthawi Jailosi anafunsa chifukwa chimene ankapitirizira kumuveka mwanayo diresi ndi kumudzoza mafuta Lamlungu lililonse.

"Iye ankasangalala," anayankha Enifa. "Ndipo ine ndinkati mwina Lamlungu lina mudzapukusa."

Anaphimba mbali yopsayo ndi chikhatho chake, n'kupitiriza kuyang'ana mapaziwo. Jailosi anakhala pomwepo, zovala zosapinda zili pakati pawo, ndipo pamwamba pa muluwo panali bulangete lija, litauma bwinobwino.