Buluu wa Malemu

Zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikuwalembera mayi a sopo zikwangwani ndi burashi, ndiye tsiku limene anabwera kudzandiuza kuti burashi yatha ntchito, ndinaiwala n'kuwapatsa mpando komwe.

"Masitolo akuluakulu akufuna malebulo osindikiza, achimwene," anatero. "Ndikudikirani masabata awiri. Mukalephera ndipita kwina, musadzati sindinanene. Koma buluu akhale yemwe uja."

Buluu ameneyo ali ndi mbiri yake. Tinamusakaniza ndi malemu amuna awo tsiku lina masana onse, ine ndikuthira penti, iwo akupukusa mutu, mpaka anadinda chala pa chivindikiro cha chitini penti isanaume, n'kunena kuti, "Ameneyu." Chivindikirocho ndinachisunga, chala chawo chikuonekabe, ndipo ndinkayezera pomwepo ndikamalemba chikwangwani chatsopano. Mayiwa ndiwo anali kasitomala wokhazikika amene ananditsalira. Akanachoka iwo, ine ndikanangotseka chitseko.

Kujambula pa kompyuta ndinali nditaphunzirako pang'ono mu ofesi ya mnzanga, koma kompyuta yangayanga ndinalibe. Mlamu wanga, amene kunyumba timamutcha Katswiri chifukwa palibe chimene sadziwa, anati yogula yathunthu ndi ya anthu opusa. Wanzeru amagula ziwalo n'kulumikiza yekha. Ndinagulitsa makina anga opopera penti, tinanyamuka.

Sitolo ya ziwalozo inali kachipinda kopapatiza, mawaya lendelende mpaka kudenga, ndipo mwini wake aliyense ankamutchula kuti a Mawaya. Nditangonena kuti ndikufuna kompyuta yojambulira koma thumba ndi lopyapyala, anthu atatu anayankha nthawi imodzi.

"Khadi la zithunzi, alamu," anatero Katswiri. "Munthu wojambula popanda khadi ndi chiyani?"

"Ayi, bwana, inu gulani ramu yambiri," anatero a Mawaya. "Ramu ndi tebulo. Tebulo likachepa muyala pati ntchito?"

"Onsewa akukunamizani," anatero bambo wina amene ankadikira laputopu yake. "Nkhani ndi purosesa. Purosesa ndiye mutu."

Ndinavomera onse atatu. Amati safunsa anadya phula, koma ine ndinafunsa mpaka mutu unaima. Ndinkalemba m'chikhatho mawu amene ndinkamva, thukuta n'kumafufuta. Ndikafunsa kuti nanga mitundu imatuluka m'chiti, aliyense ankaloza chake. Ndinanyamula kanthu kena kokongola kuti ndikaone, a Mawaya anati ndikabweze, ndi kotsekulira mabotolo kawo.

Tsiku limenelo tinagula purosesa ndi bolodi loikapo zonse. Titafika kunyumba zinakana kulowana. Katswiri anayamba kukanikiza ndi chala chachikulu, mkazi wanga n'kumumenya dzanja. Mawa lake tinabwerera, a Mawaya anati bolodilo ndi la mtundu wina, purosesa wa mtundu wina, ndipo anadabwa kuti sitinaone tokha. Ine ndinadabwa kuti anatigulitsa yekha. Anatisinthira, ndipo tili pomwepo Katswiri anandikakamiza khadi lija, lalikulu ngati njerwa, la mafani awiri ndi timagetsi tosinthasintha mitundu.

Titamaliza kulumikiza patebulo lodyera, mkazi wanga anazungulira bokosilo kawiri.

"Chabwino, likuwala. Nanga muziyang'ana pati?"

Tinayang'anizana ndi Katswiri. M'masiku awiri a mkangano, palibe anatchulapo sikirini, ndipo ndalama zinali zitathera m'bokosi.

"Sikirini ndi galasi chabe, alamu," anatero. "TV ili apoyi ikuchita chiyani?"

Tinaichotsa pabalaza, mkazi wanga akung'ung'udza. Kunena zoona, ndinasangalala. Pa TV ija chilichonse chinkanyezimira. Ndinaika chivindikiro pambali pake, ndikusuntha timizere ta mitundu mpaka buluu wa pagalasi anafanana ndi wa malemu. Ndinaika lebulo mu fulashi n'kupita nayo kosindikiza, sabata yoyamba itatha kale.

Mayi osindikiza anatulutsa pepala limodzi loyesera. Linali la pepo, ngati khungu la biringanya.

"Makina anu adwala," ndinatero.

"Makina anga ali bwinobwino, bambo. Amatulutsa zimene mwawapatsa."

"Ine ndawapatsa buluu."

Tsoka ilo, mayi a sopo anali atabwera kudzaona. Analitenga pepalalo, kuliyang'ana, kulibweza patebulo mwaulemu. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa.

"Uyu si wa bambo," anatero. "Lachisanu, achimwene."

Manyazi amene ndinamva sindinawamvepo chiyambire ntchitoyi. Madzulo ake Katswiri anati vuto ndi ramu. Pa foni a Mawaya anati mwina khadi silinakhale bwino. Ndinalizula, ndinalibwezera, ndinapukuta fulashi ndi malaya. Pa TV buluu, papepala pepo. Ndinayamba kukayikira maso anga, kuti kapena ukalamba wayambira kumeneko, mpaka ndinaitana mkazi wanga kuti andiuze mtundu wa ndowa yathu yosambira.

Lachitatu ndinabwerera kwa mayi osindikiza, osati kukakangana, kukangokhala. Anandimvera chisoni, n'kutsegula lebulo yanga pa sikirini yawo. Inali ya pepo, ndendende ngati pepala lija.

"Kunyumba mumaonera pa chiyani?"

"Pa TV."

Anaseka mpaka anagwira tebulo.

"TV ntchito yake ndi kukometsa, bambo. Imawonjezera mitundu kuti filimu ikome. Inu mwakhala mukufunsa nzeru kwa wabodza."

Apo ndiye china chinalowa m'mutu mwanga, koyamba m'masabata awiri. Ramu sindiidziwa, purosesa sindimudziwa, koma kuyeza mtundu ndi ntchito yanga. Ndinazula khadi la timagetsi lija, ndinalikulunga m'thawulo, n'kupita kwa a Mawaya ndekha, Katswiri osamuuza.

"Kodi bokosi langa lingayake popanda ichi?"

"Lingayake. Purosesa wanu amatha kuonetsa zithunzi payekha. Pa malebulo akukwana."

"Ndiye bwanji simunanene?"

"Simunafunse, bwana."

Ndinati atenge khadi lawo andipatse sikirini, koma ndisankha ndekha. Anayala masikirini asanu akale pa kauntala, ndipo ndinawauza kuti atsegule lebulo yanga pa iliyonse. Ndinatulutsa pepala la pepo lija n'kumaliika pambali pa galasi, imodzi imodzi. Yoyamba inaonetsa buluu wokongola. Ndinaikana. Yachiwiri chimodzimodzi. A Mawaya anakanda pamutu.

"Bwana, mukukana zabwino?"

"Ndikufuna imene ikuonetsa zonyansa zangazi mmene zilili."

Yachinayi inali yonenepa m'mbali, yokalika pakona, yochokera mu ofesi ina imene inatsekedwa. Inaonetsa pepo yemweyo wa papepala, wosawonjezera, wosachotsera. Ndinainyamula ngati mwana.

Lachinayi lonse ndinakhala pafupi ndi zenera, chivindikiro kudzanja lamanzere, ndikuchotsa kufiira pang'onopang'ono monga tinkachitira ndi malemu. Ndinapita kosindikiza katatu. Ulendo wachitatu mayi osindikiza anaika pepala pambali pa chivindikiro, ataona kuti zafanana anandilembera manambala anayi a mtunduwo pakapepala kuti ndisadzavutikenso. Katswiri atabwera anadandaula kuti bokosi silikuwalanso. Mkazi wanga anamuuza kuti anyamule TV aibwezere pamalo pake.

Lachisanu m'mawa mayi a sopo anafika, ndipo ulendo uno mpando ndinawapatsa. Ndinayala lebulo patebulo, chivindikiro pambali pake, kuti aone okha.

Lebulo anangoiyang'ana kamodzi. Maso awo anapita pa chivindikiro. Ndinali ndisanawaonetsepo zaka zonsezi, chifukwa kwa ine chinali chida chabe, ngati rula.

"Ichi n'chala cha ndani?"

Ndinawauza za masana aja, mmene bambo anandivutitsira, mmene anadindira penti isanaume. Anachinyamula ndi manja awiri, n'kuika chala chawo pamene panali cha amuna awo. Chawo chinali chaching'ono, sichinadzaze.

"Sindikizani zikwi ziwiri," anatero. Kenako, osandiyang'ana: "Ichi mukuchifunabe?"

Ndinkachifuna. Zaka khumi ndi zinayi chinali pashelefu yanga, ndipo manambala anayi aja sindinkawakhulupirira kwenikweni. Ndinagwira m'thumba la malaya kuti ndimve ngati kapepala kalipo, kenako ndinapita kukafuna nyuzipepala yoti ndiwakulungire.