Mfundo Zitatu pa Mkuzi wa Felton

Eveline sanadane ndi mng'ono wake Hana tsiku limodzi ayi. Nsanje inamudya pang'onopang'ono ngati chiswe. Chaka chimenecho a zaumoyo ankafuna mayi mmodzi m'mudzi mwawo, kumtunda kwa Kasakula, woti akaphunzire kuyeza ana. Eveline ndiye anafika Sitandade 7, ndiye ankawerengera anthu makalata ochokera ku Joni. Koma anasankha Hana, poti mwamuna wake anali wapampando wa chipani panthambi. Mwinanso Hana anali ndi dzanja la ana, koma zimenezo Eveline sankafuna n'kuzimva komwe.

Hana anabwerako patatha masabata atatu ali ndi zinthu ziwiri: wotchi yokoleka pachifuwa yowerengera kugunda kwa mtima, ndi kalamba kapulasitiki kamitundu itatu kokulunga pamkono wa mwana. Kakathera pobiriwira, mwana ali bwino. Pachikasu, samalani. Pofiira, thamangirani kuchipatala. Lachitatu lililonse amayi ankandanda pansi pa mkuyu wa patchalitchi, mpaka akulu a mpingo anayamba kumuitana kuti anamwino. Anamwino ati, munthu amene Eveline ankamupukuta mamina.

Eveline sanapiteko ndi mwana wake Felton. Pachitsime ankauza aliyense kuti iwo anakula ndi mkuzi, kachingwe kamikanda kam'chiuno. Ukathina ndiye kuti mwana akukula, ukakhwepa pali vuto. Nanga kalamba ka azungu kangamuuze chiyani mayi amene chala chake chimadziwa kale? Ndipo apa sankanama ayi. Tsoka lake linali loti mkuzi wa Felton unayamba kukhwepa.

Mwanayo anali atamuletsa kuyamwa chifukwa cha pathupi pena, ndipo unali mwezi wa Febuluwale, nkhokwe zitatha. Kenaka Felton anatsegula m'mimba. Pomusambitsa, Eveline anaona zala zake ziwiri zikulowa bwinobwino pakati pa mkuzi ndi khungu. Koma anaganiza za mzere wa pamkuyu, Hana atawerama, wotchi ikulendewera, akutchula mtundu mudzi wonse ukumva. Anamanga mfundo, mkuzi n'kuthina ngati kale. Patapita masabata awiri anamanga ina. Yachitatu anamanga atayang'ana kumbali. Akuluakulu amati wobisa matenda maliro adzamuulula, ndipo mwambiwu Eveline ankaudziwa bwino, koma nsanje ilibe makutu.

Loweruka lina m'mawa Hana anatulukira ndi kambale ka nsinjiro. Wotchi sanavale, kalamba sanatenge, ndipo ngakhale zimenezi zinamunyansa Eveline, poona kuti mwana wa dzana wayamba kumumvera chisoni. Hana anati wangomusowa mwanayo, n'kumunyamula pamphasa kumuika pamiyendo. Felton sanalire, sanasekenso. Tsitsi lake linali litafiira, miyendo ili lendelende. Dzanja la Hana linalowa pansi pa kamalaya, linayenda m'chiuno, n'kuima.

"Amake Felton, mfundozi anamanga ndani?"

Eveline anayankha kuti mkuziwo unali wautali chiyambire, ndiponso kuti wofuna kuyeza ana akayeze a kumkuyu, kuno si kuchipatala.

"Mkuziwu ndinatunga ndine, mwanayu asanatuluke m'chikuta," anatero Hana motsitsa mawu. "Kalamba kaja ndakasiya dala, sikakufunika pano. Uwu wanena kale katatu konse, inu mukuutseka pakamwa."

Eveline anamulanda mwanayo, ati aonetse kuti mng'ono wake akukokomeza. Mfundo yoyamba anamasula ndi zikhadabo, yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatu inalimba, anachita kuiluma ndi mano, nkhope yake itagunda pamimba pa mwana, ndipo apo ndi pamene anamva nthiti zija pamphumi pake, imodziimodzi. Anamuimiritsa pamphasa atamugwira m'khwapa.

Mkuzi unatsetsereka wokha. Unadutsa m'matako, m'mawondo, n'kukagwera pa akakolo.

Eveline anachita manyazi, koma mantha ndiwo anaposa.

"Pita ukatenge kalamba kako," anatero osadzutsa mutu.

"Kadzatiuzanso chiyani? Tengani nsalu yoberekera. Kuchipatala n'kutali, tizikalandirana pokwera phiri."