Bakha wa Azakhali a Nabawiya

Padenga la nyumba imene ndimachita lendi mumzinda wa Sohag pali bakha. Anthu akandifunsa chifukwa chake sindikumupha, ndimati dokotala anandiletsa zamafuta. Ndi bodza. Bakhayo ndimachita naye manyazi.

Ine ndine Shahat, ndimafinya madzi a nzimbe pafupi ndi siteshoni ya sitima. Sukulu ndinailekezera panjira, koma pakamwa pokha ndinamaliza makalasi onse. Ndikapita kumudzi pa chikondwerero cha Idi ndimakhala pakati pa abale, tiyi ali m'manja, n'kumawauza kuti mumzinda muli chilichonse, chipatala, khoti, ofesi ya ziphaso, kungoti zitseko zake zimatsegukira munthu wodziwika. Wodziwikayo ndinkati ndine.

Azakhali anga a Nabawiya anakhulupirira. Diso lawo lakumanja linachita ng'ala, ndipo dokotala wa maso wochokera ku Cairo amabwera kuchipatala chathu kamodzi pamwezi, n'kubwerera pa sitima ya masana. Tsiku la dokotalalo azakhali anafika m'mawa pa minibasi, bakha ali m'dengu, poti kwathu munthu sapita chimanjamanja kokapempha thandizo.

Pakhomo la chipatala mlonda anadina kamakina, n'kuwapatsa kapepala.

"Nambala 34, mayi. Khalani apo, tikuitanani."

"Azakhali," ndinatero mokweza kuti mabenchi onse amve, "timapepala iti ndi ta anthu opanda abale. Tiyeni."

"Iwe Shahat, bwanji tingokhala? Malo alipo."

"Mukhale pakati pa alimi a anyezi, ine ndili moyo?"

"Bambo akonso ankalima anyezi."

"N'chifukwa chake sanaonanepo ndi dokotala wa ku Cairo."

Ndinawakokera kuseri, kukhonde lonunkha mankhwala ochapira. Kumeneko ndinali ndi munthu wanga, a Mitwalli. Kwa zaka zitatu akhala akumwa madzi a nzimbe kwa ine osalipira, chifukwa amavala jekete ndipo m'chiuno mwawo mumalira makiyi ambiri. Ntchito yawo yeniyeni sindinaifunsepo. Jekete inkandikwanira.

Tinadikira maola awiri. Azakhali anakhala pansi atatsamira khoma, akupatsa bakha nyenyeswa za buledi.

"Shahat wa nzimbe!" anatero a Mitwalli atatulukira. "Wayamba kugulitsira muno?"

"Awa ndi azakhali anga, bwana. Tilowetseni kwa dokotala wa maso." Ndinakankhira dengu kutsogolo ndi phazi. Bakha anatulutsa mutu n'kuwayang'ana.

A Mitwalli anaseka mpaka makiyi analira.

"M'bale wanga, ine ndimasunga mabulangete! Komanso zimenezo zinatha. Lero ngakhale mayi ake a mkulu wa chipatala amatenga nambala. Yanu ili kuti?"

Azakhali anamasula nsonga ya mpango wawo wakuda n'kutulutsa kapepala kaja, katapindidwa bwinobwino.

"34? Thamangani!"

Munthu wa diso limodzi sathamanga. Titafika anali akuitana 58.

"34 tinaitana katatu," anatero namwino, osadzutsa mutu. "Adokotala amalekezera pa 60. Mubwere mwezi wamawa."

"Achemwali, nkhope yokoma ngati yanuyi singabweze gogo wochokera kutali."

"Nkhope yangayi yaitana katatu. Ndipo mutulutse bakhayo, kuno si kumsika."

Pafupi ndi khomo panakhala mkulu wina wovala mkanjo wothimbirira, diso atamuthira kale mankhwala, tsiku la opaleshoni litalembedwa papepala m'manja mwake. Anali wa 35. Anandiloza ndi ndodo.

"Wa abale uja si uyu? Abalewo ali bwanji, mwanawe?"

Mabenchi onse anaseka. Ine amene ndimayankha ngakhale apolisi, ndinangonyamula dengu n'kutuluka.

Pokwerera minibasi azakhali sanandikalipire. Akanandikalipira bwenzi nditapepukidwa. Anandigulira sangweji ya nyemba, ati sindinadye chilichonse chifukwa cha iwo.

"Kumudzi ndikanena kuti dokotala sanabwere," anatero. "Amalume ako asakuseke. Bakhayu tenga, wavutika nane."

"Azakhali, sindingalandire."

"Ukufuna ndimunyamulenso? Akulemera."

Pokwera anaphonya popondera, poti panali mbali ya diso lodwalalo. Anapafufuza ndi phazi kawiri, kondakitala akuwafulumizitsa, ine nditangoima ndi dengu m'manja ngati mkwati amene waiwala nyumba ya apongozi.

A Mitwalli amabwerabe kudzamwa. Sindinawaletse, poti iwo sananamepo kuti ndi dokotala. Bakha akunenepa ndi zotsala za makasitomala anga, ndipo m'mawa uliwonse amandiyang'ana chammbali, ndi diso limodzi.

Dokotala akubwera Lachinayi. Ndauza kale abwana anga kuti sindifinya nzimbe tsikulo. Ndikawatengera azakhali nambala, ndikakhala pa benchi pakati pa alimi a anyezi, pakamwa nditatseka. Bakhayo ndidzawabwezera azakhali tsiku limene adzamuone ndi maso onse awiri.