Ngalande Imene Inkayenda

A Halo anali atatha zaka khumi ndi chimodzi akupita okha kuntchito, ndipo akamazitchula zakazo ankachita ngati akutchula madigiri. Maso anawasiya akadali mnyamata, koma njira ankaidziwa kuposa ife openyafe. Dzina loti a Halo analipata chifukwa cha ntchito yawo yolandira mafoni pa ofesi ina ya nsanjika zinayi.

Njira yake inali ija ya phula yogawana oyenda pansi ndi apanjinga, mzere woyera pakati. Mzerewo iwo analibe nawo ntchito. Chawo chinali kakhoma ka simenti ka m'mphepete, kolekeza mu akakolo, kamene ndodo yawo yoyera inkagogoda, go, go, go, komanso mapolo a magetsi khumi ndi anayi. Kuchoka polo ina kufika inzake anali mapazi makumi atatu. Ukadutsa yomaliza umakhotera kumanzere, masitepe atatu, basi wafika. Njinga zinkadutsa kudzanja lamanja, mabelu ali ngiringiri, aliyense mbali yake.

Vuto linali mwana wawo wamkazi, namwino, amene pakhomo onse ankangomuti Sisitala. Mwana wabwino ndithu, koma pakamwa! Chiyambireni chaka nyimbo inali imodzi: adadi mwakula, adadi njinga zachuluka, adadi apongozi anu azikutengani pa galimoto. Tsiku lina zitawakwana, a Halo anamenya patebulo.

"Chabwino! Tsiku limene ndidzagwe m'njira muja, ndodoyi ndidzakupatsa ndekha. Muzidzandinyamula ngati thumba la makala."

"Mwanena nokha, adadi. Amayi, inu ndinu mboni."

Mayi a Sisitala anangonyamuka kulowera kukhitchini, phazi lawo lamanzere likukhwekhwereza pansi monga mwa masiku onse, poti bondo linawavuta kalekale.

Paja chakudza sichiimba ng'oma. Lolemba lina m'mawa, atangodutsa polo yachitatu, a Halo anamva fungo la dothi lonyowa ndiponso jenereta ikuguguda chapatsogolo. Ndodo inagogoda kakhoma kawiri, kachitatu inamenya mphepo. Kanthu kopepuka kanawakhudza pachifuwa n'kutamuka, ndipo mwendo wamanzere unangopita. Anapezeka atagwada ndi bondo limodzi pa phula, mwendo winawo uli lende m'dzenje.

"Eee, madala! Tepi yonseyi osaiona?"

Wokuwayo atafika pafupi n'kuona ndodo yoyera, mawu anamuthera. Anali kapitawo wa anthu okumbawo, munthu wa mawu okhuthala, wonunkha dizilo. Anawadzutsa akupepesa, n'kufotokoza kuti akukwirira mawaya akuluakulu a magetsi, ngalande yake yolekeza m'chiuno, ndipo mbali ya oyenda pansi atseka, onse azipanikizana kumbali ya njinga.

"Komatu taika zikwangwani kuyambira uko, bambo. Ndi tepi yofiira yomwe."

A Halo anameza mawu amene anabwera kukhosi. "Ngalande yanuyi yayambira pati, yathera pati?"

Kapitawo anawerenga. "Polo yachinayi mpaka yachisanu ndi chiwiri."

Tsiku lonse ankayankha mafoni uku akudziuza kuti kugwada si kugwa. Koma buluku linali litang'ambika pabondo, matope ali mbuu. Madzulo analowa m'nyumba atagwirira chikwama kutsogolo, ngati mwana wobisa kapu yosweka, n'kukalikankhira bulukulo pansi penipeni pa basiketi ya zovala zakuda.

Lachiwiri anakonzeka. Pa polo yachitatu anasiya kakhoma kawo n'kulowa mbali ya njinga, pamene panalibe choti ndodo igogode. Anayenda ndi mapazi owerenga okha, mtima uli m'mwamba, mabelu akuwalirira m'khutu, wina mpaka kuwatukwanira amayi awo amene anagona kalekale. Mapazi atakwana anabwerera kumanzere, ndodo n'kupeza kakhoma. Anafika kuntchito thukuta lili kamukamu, koma anafika okha, ndipo anati nkhani yatha.

Nkhani yathera pati? Anthu a mawaya sakumba kamodzi n'kukhala pansi. Amakumba kutsogolo uku akukwirira kumbuyo, ndiye ngalande ya dzulo si ya lero. Lachitatu a Halo anawerenga bwinobwino, n'kubwerera kumanzere molimba mtima, ndodo n'kumenyanso mphepo. Anaima nsonga za nsapato zili pakamwa pa dzenje, timiyala tikugwera m'kati.

"Lero tili pa yachisanu ndi chimodzi mpaka yakhumi, bambo!" anakuwa kapitawo ali pansi m'ngalandemo.

"Kodi ngalande yanuyi ili ndi miyendo?"

Anyamata okumba anaseka. A Halo sanaseke.

Atafika kunyumba anapeza buluku lija lili pabedi, lochapa, losita, pabondo posokedwa ndi ulusi wosamveka n'komwe ku chala. Anadikira kuti mayi ayambe, koma mayi anangofunsa ngati athire shuga wina mu tiyi. Kenaka foni inalira, Sisitala.

"Adadi, ndamva kuti njira yanu ija akuikumba."

"Aa, kukumba kwake kuti? Kangalande koti mwana akhoza kulumpha."

"Ndipatseni amayi."

Anapereka foniyo n'kutchera khutu. Mayi a Sisitala anafunsa za chifuwa cha mdzukulu, anadandaula za bondo, anatsanzika. Za buluku sanatchule. A Halo sanadziwe ngati athokoze kapena aope, poti munthu wokusungira chinsinsi osakuuza amakhala wakugwira pakhosi.

Lachinayi ndiye kunali kwina. Anabweretsa chimakina chobowola phula, chija chimanjenjemeretsa mano. Kwa munthu wopenya limenelo ndi phokoso chabe, koma kwa a Halo kunali kuwathimitsira nyale yachiwiri. Mabelu sankamveka, mapazi a anthu sankamveka, ngakhale ndodo yawo yomwe inangoti zii m'manja. Analowa mbali ya njinga akuwerenga mokweza. Pa phazi la makumi asanu ndi limodzi, chogwirira cha njinga chinawakwapula pachigongono, iwo n'kuzungulira, chikwama n'kugwa. Atachitola sanadziwenso kuti kutsogolo n'kuti.

Anaima chilili pakati pa njira. Ngalande inali penapake pafupi, kumanzere kapena kumanja, mwina kumbuyo kwa zidendene. Mphepo ya njinga inkawapita uku ndi uku. Anatambasula ndodo, inapeza phula, anaisuntha pang'ono, inapeza mphepo, anaibweza msanga. Mantha anawagwira enieni. M'thumba la jekete munali foni, ndipo Sisitala anali pa batani loyamba. Dzanja linalowa m'thumbamo lokha. Zaka khumi ndi chimodzi zithere pano, pa mawaya a eni ake?

Mwadzidzidzi wina anagwira nsonga ya ndodo n'kuyamba kuwakoka nayo ngati mbuzi.

"Siya ndodo yanga!" A Halo anakuwa mawu amene sanawatulutsepo pa foni ya kuntchito. "Siya! Ukufuna undichotsenso maso amenewa?"

Chimakina chinazima. Wokokayo anali kapitawo yemwe uja.

"Pepani bambo, ndimati ndikuthandizeni. Ife tayesetsa, zikwangwani zilipo, tepi ilipo..."

"Ndiperekeze pa tepi yakoyo."

Anawafikitsa. A Halo anayendetsa ndodo pansi monga amachitira, ndipo inadutsa kunsi kwa tepi osakhudza kanthu, mpaka nsonga inalendewera m'ngalande.

"Waona? Tepi yako ili m'chifuwa, ndodo yanga ili pansi. Ikamandiuza tepi yakoyo kuti pali dzenje, ndiye kuti ndagweramo kale. Tatseka maso uyese."

Kapitawo anaitanitsa mpini wa fosholo. Anyamata anayamba kuseka bwana wawo akupapasa phula ali chitsinzinire. A Halo anamva mpini ukugogoda kanayi, kenaka gambuti ikutsetsereka, dothi likugumukira pansi, munthu akutukwana ndi mawu ang'ono. Kuseka kuja kunatha.

Tsiku limenelo anafika kuntchito mochedwa, atagwira chigongono cha kapitawo mpaka pa masitepe. Kuwawa kwake kunaposa kwa bondo. Anadziuza kuti mawa ndi lomaliza: zikakanikanso, Loweruka Sisitala akabwera adzangomupatsa ndodo, asachite kudikira kuti awatole m'dzenje.

Lachisanu anatuluka pakhomo tiyi atamusiya theka. Polo yoyamba, yachiwiri, mpaka yachisanu ndi chiwiri kakhoma kanalipo, pansi pali dothi lokwirira kumene. Chimakina chinkalira kutsogolo. Pa yachisanu ndi chitatu anapuma kaye, n'kutambasula ndodo akuyembekeza mphepo.

Kho! Ndodo inamenya thabwa.

Anaisuntha. Kho, thabwa lina. Anawerama n'kupapasa: matabwa aja amathirira simenti, atawaimika cham'mbali, atawakhomera ku zikhomo, kutsekereza kutsogolo kwa ngalande n'kukhota kutsata m'mphepete mwake monse.

"Zimitsa!" anakuwa kapitawo chapatali, chimakina n'kuti zii. "Mwadzuka bwanji, bambo? Matabwawo tiziyenda nawo limodzi ndi ngalande, mpaka polo yomaliza. Dutsani, sitiyatsa mpaka mutapitirira."

A Halo anangokweza dzanja. Anayamba kuyenda, kho, kho, kho, mabelu akumvekanso bwinobwino kudzanja lamanja. M'bata limenelo ndi mmene anamva chinthu china kumbuyo kwawo, mapazi ngati makumi awiri: phazi limodzi loponda, linalo lokhwekhwereza. Anaima. Nalonso linaima.

Sanatembenuke. "Mayi a Sisitala."

Phazi lija linayandikira.

"Mwayamba liti?"

"Lachiwiri."

"Ndi bondo limenelo?"

"Ndi lomweli. Ndili nalo lina?"

"Ndiye dzulo munaona."

"Ndinaona zonse. Ndinali pa polo yachisanu ndi chimodzi."

"Osabwera?"

"Ndikanabwera, bwenzi mutapereka ndodo tsiku lomwelo. Ndimakudziwani." "Ndinaikumbatira polo ija ngati munthu, bambo a Sisitala, kuti miyendo isandithamangitse. Anthu ankandiyesa wamisala."

A Halo anatambasula dzanja chakumbuyo, ndipo linapeza dzanja la akazi awo, lozizira. Analigwira kanthawi, njinga zikuwalambalala.

"Bwererani, mukapumitse bondolo."

"Mukafika?"

"Ndikafika."

Anaima pomwepo kumvetsera. Phazi lija linatembenuka, linakhwekhwereza pang'ono, linaima kamodzi ngati likufuna kusintha maganizo, kenaka linapitirira mpaka linasowa m'mabelu a njinga. Apo a Halo anapukuta kumaso ndi mkono wa jekete, n'kufunafuna thabwa ndi ndodo. Panali patatsala mapolo asanu ndi imodzi, ndipo anyamata ankadikira kuti ayatse chimakina chawo.