Supuni ya a Wondimu

Ine ndi a Wondimu timasiyana khoma lokha kuno ku Dessie, m'dziko la Ethiopia, moti akatsokomola ndimamva ndili pamoto pophika injera, chikondamoyo chathu chopyapyala chimene timadyera ndiwo. Manja awo onse awiri anatsala kunkhondo. Bomba lokwirira linawasiyira mikono yokha. Boma limawapatsa ndalama ya olumala mwezi ndi mwezi, yochepa ndithu, koma ndi yomweyo imene analerera mwana wawo Sosina chichokereni mayi ake, Aselefech, amene anathetsa banja n'kupita kukagwira ntchito ya m'nyumba kwa Aluya.

Chaka chatha Aselefech anabwerako, ali ndi dzino lagolide komanso mafuta onunkhira oti ukangodutsana naye mutu umawawa. Anapeza nyumba pafupi ndi sukulu ku Kombolcha, tauni yoyandikana ndi yathu, ndipo anati akufuna mwana wake, kuphatikizapo gawo la ndalama ya a Wondimu yolerera mwanayo. Ine sindibisa, ndinali mbali ya a Wondimu. Munthu unachoka mwana asanayambe n'komwe sukulu, lero wabwera kudzakolola pamene sunalime?

Za ndalamazo sizinawavute a Wondimu. Anati atenge yonse ngati akufuna, bola mwana amusiye. Chimene chinawabaya ndi mawu amene Aselefech ankafesa pamsika, akuti Sosina m'nyumba muja si mwana koma manja a bambo ake: kuwadyetsa iye, kuwamanga mabatani iye, kuwamwetsa madzi iye. Mbali zonse zinagwirizana kuti nkhaniyi isapite kukhoti. Anasankha akuluakulu atatu oti aiweruze Lamulungu tikaweruka kutchalitchi, m'nyumba mwanga, poti ndine ndili ndi mipando yokwanira.

Kutatsala masabata angapo, a Wondimu anandiitana Sosina ali kusukulu. Anali atapempha chidutswa cha chubu kwa wokonza njinga, ndipo amafuna ndiwamangirire supuni kumkono wakumanja. Ndinaseka mpaka misozi.

"Munaonapo kuti munthu wamkulu akudya injera ndi supuni?" ndinatero. "Anthu adzati mwathawa kuchipatala."

"Ukaipa dziwa nyimbo, mlongo wanga," anayankha. "Mangani."

Ndinamanga. Masiku oyamba amene anakhuta zinali nkhuku zanga, chifukwa chakudya chonse chimathera pansi. Koma bambo aja ndi amakani. Anaphunzira kudula injera ndi m'mphepete mwa supuni, kuikankhira kumsuzi, n'kuinyamula pang'onopang'ono mutu utaweramira mbale. A Wondimu anamuuza Sosina kuti tsiku la mlandu asawadyetse, asawayang'ane n'komwe. Dzanja lake lione za pakamwa pake.

Tsikulo linafika. Khofi tinamwa mpaka kusuluka, nkhani osasuntha. Aselefech amanena za sukulu yabwino ndi kuti mtsikana akamakula amafunika mayi ake. A Wondimu amanena kuti mwanayo sanagonepo ndi njala ndipo sanabwerezepo kalasi. A Gashaw, wamkulu wa oweruzawo, amene kale ankayendetsa malole, anayamba kuyang'anayang'ana kukhitchini. Ndinadziwa kuti mimba yawakumbutsa, ndipo ndinabweretsa mbale yaikulu ya injera, nyama ya nkhuku ndi mazira zili pamwamba, nthunzi ili tolo.

Tonse tinazungulira mbale imodzi monga mwa nthawi zonse. Ndinawamanga a Wondimu supuni yawo pamaso pa aliyense. Anadula, anakankha, ananyamula, chakudya chinalowa m'kamwa osagwa ngakhale kadontho. Kachiwiri chimodzimodzi. Thukuta linali kamukamu pamphumi, koma anapitiriza. Akuluakulu aja anayang'anana n'kugwedeza mitu. Ine mtima unali mbee, ndipo ndinatembenukira kwa Aselefech kuti ndione manyazi ake.

Iye sanali kuyang'ana supuni. Maso ake anali pa mwana.

Sosina anali asanadye kanthu. M'dzanja anali atakulunga nthongo yabwino, yokhala ndi chidutswa cha dzira mkati, ndipo anangoigwira m'malere, osadziwa kopita nayo.

"Idya, mwanawe," anatero mayi ake.

"Ababa sanamalize."

"Nanga iwe umadya nthawi yanji?"

"Iwo akakhuta." Ananena mosadandaula, ngati akutchula dzina la sukulu yake.

"Chitazizira?"

"Ndinazolowera. Chotentha chimandiwotcha lilime."

Ine ndinamva manyazi, chifukwa injera ya pakhomo paja zaka zonsezi imachokera pamoto panga ili yotentha, ndipo sindinafunsepo kuti imafika bwanji kwa mwana. A Wondimu anafuna kuika supuni pansi, koma inali yomangirira. Mkono unangokhala lende pamwamba pa mbale.

"Sindimadziwa," anatero motsitsa. "Ine ndimangoyang'ana dzanja likamabwera. Pakamwa pake sindimayang'anapo."

Kwathu kuno munthu amene umamukonda umamukulungira nthongo n'kumuika m'kamwa ndi dzanja lako. Timati gursha, ndipo sakana. Sosina anali atawapatsa bambo ake gursha tsiku lililonse chiyambireni kudziwa kukulunga injera, koma iye anali asanalandirepo kwa iwo. A Wondimu anaweramira mbale, nafunafuna ndi supuni mpaka anapeza pamene panali potentha kwambiri. Anauzira pang'ono n'kulunjika kwa mwana. Zina zinagwera padiresi ya mwanayo yakutchalitchi. Sosina anayasamula n'kulandira zotsalazo.

"Gursha imodzi imayambanitsa," anatero a Gashaw. "Onjezerani, a Wondimu."

Anaonjezera. Kenako, osadikira kuti akuluakulu agamule, anatembenukira kwa Aselefech.

"Mayi a Sosina, mutengeni. Za ndalama anene akuluakuluwa, ine sinditsutsa. Patchuthi azibwera." Anayang'ana mwanayo. "Muzimupatsa chikadali chotentha. Azolowera."

Aselefech anaphimba nkhope ndi nsalu yake yoyera. Ndimayembekezera kuti ayankhula zamatama, koma anangoti patchuthi azimubweretsa yekha, ndipo ndalama ikhale yochepa kuti bambowo asasowe ya sopo. Sosina analira, nati nanga ababa awamanga ndani mabatani. Ndinamuuza kuti asandinyoze, manja ndili nawo awiri ndipo khoma ndi limodzi.

Ananyamuka Loweruka lotsatira pa minibasi ya ku Kombolcha. Sosina amabweradi patchuthi, atatalika, ndipo amadya ngati mnyamata wolima.

Masiku enawa ndine ndimawatengera a Wondimu mbale masana. Ndimawamanga supuni, ndimawasendezera tebulo, ndimawauza kuti adye msanga. Iwo amathokoza, koma sayamba. Ndawakalipirapo kangapo kuti ine sindiwotcha nkhuni zanga kuti munthu azidya zozizira, ndipo amavomera kuti ndikunena zoona. Ndikasuzumira pakhomo ndimawapeza ali chikhalire, supuni ili kumkono, akudikira kuti nthunzi ithe.