Mameseji 500 Pofika Lachisanu

Ku ofesi ankamutchula Nagirini. Dzinali linachokera pa sikirini yaikulu imene inapachikidwa moyang'anizana ndi chitseko cha Bwana. Pamenepo kasitomala aliyense anali ndi kadontho kake: kobiriwira ngati akusangalala, kachikasu ngati wayamba kung'ung'udza, kofiira ngati wamanga kale katundu. Madontho a Nagirini ankakhala obiriwira okhaokha, moti anzake ankati tsiku lomwe adzamwalire adzamuika m'dimba.

Koma chaka chino dimba linagwa mbozi. Makasitomala awiri anamuthawa mwezi umodzi, ndipo Bwana anamuitana n'kutseka chitseko. Bwana sankatseka chitseko pa nkhani zabwino.

"Achemwali, kiliniki ija ndi yomaliza," anatero. "Kontirakiti yawo yoyeserera ndi ya masabata 12. Akasainanso, mwatsala. Akapita, mupitire limodzi."

Kampaniyo inkagulitsa pulogalamu yotumiza mameseji okumbutsa odwala kumwa mankhwala. Kugulitsako sinali ntchito ya Nagirini. Yake inali kukhala pansi ndi kasitomala, kumva chomwe akufuna, kuchisandutsa nambala, kuigawa nambalayo m'masitepe okhala ndi madeti, kenako kumugwira dzanja sitepe ndi sitepe mpaka asainenso.

Kilinikiyo inali pamwamba pa shopu ya matayala. Zipinda zitatu, benchi imodzi, fani yolira ngati ili ndi mangawa ndi wina. Odwala ake anali a shuga ndi bipi. Mwini wake anali Adokotala, bambo wachikulire wa magalasi omangidwa ndi kawaya, ndipo zonse za mafayilo ankayendetsa Asisitala, namwino amene anali atagwirapo ntchito zaka makumi awiri osasekapo ndi mlendo.

"Adokotala, pakatha masabata 12 mukufuna kuona chiyani?" anafunsa Nagirini tsiku loyamba, laputopu ili pamiyendo.

"Odwala anga asamasowe, mwanawe. Munthu amabwera miyezi iwiri, akangomva bwino basi, wapita. Timadzamuonanso atamunyamula."

Nagirini sanali mbuli. Ankadziwa nambala yoyenera kulemba: mwa odwala okumbutsidwa, ndi angati abweradi kudzatenga mankhwala mwezi uno. Chala chake chinafika ndithu pa mzerewo. Koma nambala imeneyo ili ndi miyendo yake. Imadalira mvula, thiransipoti, nkhalamba yaliuma yomwe imati ikudzimva bwino. Pamene nambala ya mameseji otumizidwa, eee, imeneyo imamvera batani ngati galu wakhuta.

Ndiye analemba chonchi. Sitepe yoyamba, sabata yachiwiri: mayina a odwala alowe mukompyuta. Sitepe yachiwiri, sabata yachisanu ndi chimodzi: mameseji 250 pa sabata. Sitepe yachitatu, sabata yomaliza: mameseji 500.

"Cholinga chabwino n'choti mutha kuchiyeza, Adokotala," anatero akumwetulira.

Adokotala anayang'ana pepala kupyolera pamwamba pa magalasi. "Inu ndi amene munaphunzira zimenezi." Anasaina.

Mawu a mesejiyo anawapeka yekha Nagirini, ndipo ankanyadira kwambiri mzere womaliza. M'mawa uliwonse 6 koloko mafoni ankalira: "Mwadzuka bwanji? Musaiwale kumwa mankhwala anu lero. Tikukufunirani moyo wautali."

Sitepe yoyamba inatheka. Yachiwiri inatheka pasanafike deti. Pofika sabata ya 11, pamndandanda panali odwala 72. Meseji imodzi patsiku, masiku asanu ndi awiri, 504. Kadontho ka kiliniki kanabiriwira ngati kathiridwa feteleza, ndipo Nagirini anayambanso kudya nkhomaliro limodzi ndi anzake.

Lachisanu la sabata imeneyo, masana, foni yake inalira. Anali Asisitala.

"Pali dzina lofunika kuchotsa. Aphunzitsi aja opuma ntchito, a bipi. Anamwalira Lachiwiri, sitiroko. Akazi awo ayimba kuti mameseji akubwerabe. Ndawalonjeza kuti zisiya lero. Dzina limachotsedwa bwanji? Batani silikundilola."

Batanilo linali kumbali ya Nagirini. Anati "pepani" ndi pakamwa, koma mutu unali utayamba kale samu. Sabata yomaliza yowerengera inkayamba mawa lake, Loweruka. 71 kuchulukitsa ndi 7. Anabwereza pa kakyuleta, ngati kuti kakyuleta ingamumvere chisoni. 497. Kuperewera atatu okha. Kadontho kachikasu, pa tsiku lenileni losainira.

"Asisitala, sisitimu ikuvutavuta masiku ano," anatero. "Ndilichotsa ndekha ikangokhala bwino."

"Liti?"

"Posachedwapa."

Asisitala anadula foni osatsanzika. Nagirini anadziuza kuti foni ya munthu womwalira sikhala yoyatsa. Amaizimitsa, amaiika m'dirowa, kapena mlamu wina amaithawitsa maliro asanathe. Meseji ikalira m'dirowa yavulaza ndani?

Lachisanu losainira Nagirini anafika 10 koloko atavala jekete la mitingi. Anaika laputopu pa tebulo la Adokotala, pambali pa kontirakiti yatsopano ndi cholembera chotsekula kale. Asisitala anaima pakhomo, manja atapinda.

"Monga mukuonera, masitepe onse atatu akwaniritsidwa. Cholinga chinali 500, ife tafika 504."

Pakhomo panamveka kugogoda, koma wogogodayo sanadikire. Analowa mayi wamfupi wovala zakuda, nsapato zili fumbi lokhalokha. M'manja munali foni yakale ya mabatani, yomangidwa ndi kalabala.

"Ndikufuna amene amalembera amuna anga," anatero.

Adokotala anaimirira. "Mayi a kwa Aphunzitsi! Pepani kwambiri ndi zovuta zija. Khalani pansi."

"Sindikhala, adokotala. Ndabwera kudzapereka lipoti. Uthenga wanu ukufika bwinobwino, 6 koloko ndendende. Foniyi sindizimitsa, ana a sukulu awo akale akuyimbabe kupepesa. Ndiye ikalira m'mawa ndimadzidzimuka, ndimagwira mbali yawo ya bedi kuti ndiwadzutse." "Dzulo ndatopa nazo, ndapita kumanda ndawawerengera. Ndati bambo, a kuchipatala akuti mwadzuka bwanji. Akuti musaiwale mankhwala. Akukufunirani moyo wautali. Sanandiyankhe. Ndiye ndati ndidzafunse eni ake: ndiwasiyire pamtumbira mapiritsiwo, kapena mukawamwetsa nokha?"

Fani inapitiriza kulira. Adokotala anatembenukira kwa Asisitala.

"Simunachotse dzina?"

"Ndinawauza alendowa sabata yatha," anatero Asisitala, osamuyang'ana n'komwe Nagirini. "Anati sisitimu ikuvuta."

"Ikuvuta?" anafunsa Adokotala, akuyang'ana Nagirini.

Nagirini anaweramira laputopu yake. Maso a Adokotala anachoka pa iye, napita pa 504 uja, n'kukhalapo. Anali munthu wowerengera mapiritsi moyo wake wonse. Milomo yawo inagwedezeka pang'ono, ndipo Nagirini anaona 497 ikufika pankhope pawo.

"Miyezi itatu mukuwapatsa moni," anapitiriza mayi uja, mawu atatsika. "Mankhwala anawathera kalekale. Ankati ali bwino, ine ndinkalimbana nawo mpaka kutopa. Palibe mmodzi wa inu anayimba kufunsa kuti bwanji sakubwera."

Adokotala anakoka fayilo ya Aphunzitsi pa shelefu, natsegula tsamba lomaliza. Deti lake linali la masabata khumi apitawo. Anaitseka mwapang'onopang'ono.

"Mwanawe, pa anthu 72 amenewa, abwera angati mwezi uno?"

"Imeneyo... sitinaiike pa zolinga, Adokotala."

"Sindinafunse zolinga. Abwera angati?"

Nagirini anayendetsa chala pa laputopu, kukwera, kutsika, ngati kuti mzere umene sanaulembe ungamere wokha. Asisitala anatuluka, nabwera ndi buku lalikulu la pakhomo lolembamo odwala obwera, la chikuto chong'ambika. Ananyowetsa chala n'kuyamba kuwerenga mokweza. Zinatenga mphindi zinayi, ndipo palibe amene anakhala pansi.

"41."

"Nanga mwezi uja tisanayambe zimenezi?" anafunsa Adokotala.

Masamba anabwerera m'mbuyo. "43."

Adokotala anatenga cholembera chija, nachitseka, n'kuchipereka kwa mwini wake ndi manja awiri, mwaulemu wonse. Kontirakiti anaipinda pakati.

"Chotsani dzina la Aphunzitsi mayiwa akuona. Mukatero muchotsenso la kiliniki ino."

Sisitimu sinavute. Kudina kamodzi, kakabokosi kofunsa ngati watsimikiza, kudinanso. Masekondi asanu. Mayi uja anayang'ana mpaka dzinalo litazimiririka, naika foni m'chikwama, n'kutuluka. Asisitala anawaperekeza.

Nagirini anatsika masitepe atakumbatira laputopu. Pansi, a matayala ankamenya rimu ndi nyundo. Foni yake inanjenjemera. Inali meseji ya pulogalamu ya ku ofesi, ija imadzitumiza yokha: "Zabwino zonse! Kasitomala wanu wakwaniritsa sitepe yachitatu." Panali ndi kachithunzi ka chikho.

Asanaibweze m'thumba inaliranso. Bwana.

"Nagirini wathu wabwerera!" Kumbuyo kunkamveka anzake akuwomba m'manja. "Ndaima pa sikirini pano, kiliniki ili biriwiri! 504! Ndiuzeni kuti asaina."

Nagirini anayang'ana m'mwamba. Pawindo la kiliniki, Asisitala anali atakhala ndi buku lija, foni ya patebulo ili kukhutu, chala chili pa dzina loyamba mwa aja 31 omwe sanabwere.

"Halo? Achemwali? Asaina?"

"Ayi, Bwana."

M'manja muja munasiya kuwombedwa mmodzimmodzi.

"Ndiye mukafika mudzere ku ofesi kwanga," anatero Bwana. "Laputopuyo mubwere nayo ndi chaja yake."