Sitebulaiza ya Mkamwini

"Amalume, tengani kapu ya tiyi, mudzaze mpaka pakamwa, muike pa bonati. Ine ndinyamuke pa Kasakula mpaka pa Dowa Boma, makona onse aja osaponda buleki. Likangotayika dontho, galimotoyi mutenge ndi yanu."

Anatero Lester, mwana wa mlongo wanga, ataima manja ali m'chiuno pambali pa pikapu yake pa garaja ina pa Mponela. Chinali chaka chotsatira chisankho cha matipate, nthawi imene aliyense wokhala ndi pakamwa ankalankhula ngati waima pa nsanja.

"Galimoto ndilibe nayo ntchito," ndinatero. "Tiyiyo undipatse ndimwe."

"Inu zonse n'zoseka. Tagwadani muone."

Ndinagwada. Kunsi kwa pikapu kunali zitsulo ziwiri zopindika m'mapeto, china kutsogolo china kumbuyo, chilichonse kunenepa ngati mpini wa khasu. Powotcherera panali pakadanunkha moto.

"Dzina lake sitebulaiza," anatero Lester, akulitafuna dzinalo pang'onopang'ono. "Galimoto ikamakhota, thupi lake limafuna kupendekeka, mbali ina kutsika ina kukwera. Ndiye chitsulochi chagwira tayala la uku ndi la uku. Lina likati litsike, linzake limakana. Basi, galimoto imangoyenda chilili ngati msilikali."

"Nanga chonenepa chonchi chachokera ku sitima?"

"Ku ambulansi yakufa. Pamulu wa zitsulo panali zing'onozing'ono, za tigalimoto ta aphunzitsi. Ine ndinati ayi, ndipatseni makolo ake."

Munthu angaganize kuti mnyamatayu ankafuna kuchita mpikisano wa liwiro. Ayi. Zitsulozi anaziika chifukwa cha apongozi ake.

Lester anakwatira Roza, wa m'mudzi wina kuseri kwa Kasakula, ndipo ankakhala komweko pachikamwini. Pikapuyo anaigula kwa mwini esiteti ya fodya itatopa kale, n'kumayendetsa matola. Koma mkamwini wa galimoto pamudzi wa eni ndi ngolo ya mudzi wonse. Wofuna kuchigayo, Lester. Wa mbuzi yodwala, Lester. Onse ndi abale a mkazi, ndiye wolipira ndani? Choncho anamanga nyumba ya njerwa zootcha ndi malata kwathu ku Msakambewa, n'kundituma ine Tomasi, nkhoswe yake, kuti ndikapemphe chitengwa, atenge mkazi ndi mwana akakhale kwawo.

Malume wa Roza, a Solomoni, sanavute. Anavuta ndi mayi ake a Roza, a Nankhoma, ndipo anali ndi chifukwa.

Kwathu kuno mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana m'maso. Akakumana panjira wina amapatukira kutchire. Akafuna kulankhulana amadzera mwa munthu wina, ngakhale aima pakhonde limodzi. Lester anasunga mwambowu bwino lomwe, moti sankadziwa ngati apongozi akewo ali ndi mpata m'mano kapena ayi. Koma chaka chapitacho dzino linawatupa a Nankhoma, tsaya n'kufika apa, ndipo galimoto yopita nawo kuchipatala inali imodzi yomweyi. Anakwera kutsogolo, atadziphimba chitenje kumutu, nkhope kuwindo.

Tsono mpando wa pikapuyo ndi umodzi wautali, wa pulasitiki yoterera ngati mlamba. Ndipo a Nankhoma ndi mayi odzaza bwino, oti akakhala pamkeka ana amapeza mthunzi. Pa kona yoyamba yokhotera kumanzere galimoto inapendekeka, mayi aja tsetsereku, phewa lawo pa phewa la mkamwini. Anadzikokera kuchitseko. Kona ina, tsetsereku. Ndipo msewu wa m'mapiri a Ntchisi aliyense amaudziwa, anaulemba ndi njoka. Dzino anakachotsa, koma pobwerera anayenda pansi, thonje lili m'kamwa, osalola ngakhale kuyang'ana kumene kunaima galimoto.

Ndiye pa nkhani ya chitengwa anayankha mawu awiri. Loyamba, mwana wawo sapita ku nyumba imene iwo sanaione ndi maso. Lachiwiri, bokosi lija sakweranso.

Ku Msakambewa si koyenda pansi ndi mawondo awo. Tinati akwere kumbuyo, anati kumbuyo kumakwera mbuzi. Tinati a Solomoni akhale pakati, a Solomoni anati iwo sangathithikane ndi mlongo wawo ngati ana a m'dengu. Ine ndinadzipereka, koma titayeza mpandowo ndi maso tinaona kuti a Nankhoma akakhala, pakati sipatsala malo ngakhale a nkhuku.

Nkhani inaima pamenepo mpaka Lester anamva za sitebulaiza kwa madalaivala anzake pa siteji.

Titachoka ku Mponela tinalunjika kuchikamwini. Lester anaimika pikapu pabwalo, n'kuitana amuna a m'mudzi kuti aikankhe cham'mbali. Kale ankati akaitsamira munthu mmodzi inkagwedezeka ngati bedi la masipuling'i. Tsikuli anakankha amuna amphamvu, mitsempha n'kutuluka m'khosi, iyo duu. A Nankhoma anali pakhonde akusenda nandolo, atatifulatira, koma khutu linali kwathu.

Kenako anakweza a Solomoni kutsogolo, n'kuwagwiritsa mbale ya madzi, n'kuzungulira nawo bwalo la mpira la pasukulu. A Solomoni anatsika buluku lili lonyowa pa bondo limodzi lokha, napita kukapereka umboni.

"Achemwali, galimoto ija yasintha. Siiweramanso."

"Nanga bondolo?"

"Ndinayetsemula."

A Nankhoma anasenda nandolo kwa kanthawi. Kenako anati, osatembenuka, "Ankhoswe, muwauze akamwini kuti ndipita. Koma muwauzenso kuti chigongono changa chikangokhudza malaya awo, ulendo wathera pomwepo, ndipo Roza adzakalambira pamudzi pano."

Lester anali ataima pomwepo, koma ndinamuuza ndithu. Iye anavula chipewa.

"Amalume, muwauze amayi kuti akhoza kutenga singano azisoka."

Tinanyamuka Loweruka m'mawa. Roza anatsala ndi mwana, ataima pakhomo dzanja lili patsaya. Nyumbayo iyenso ankaifuna, chifukwa anamva kuti pansi pake ndi pa simenti. A Nankhoma anakwera atavala chitenje chatsopano, china kumutu, n'kudzipanikiza kuchitseko, manja onse awiri atagwira pawindo. Ine ndi a Solomoni tinakwera kumbuyo, kumalo a mbuzi kuja. Galasi la kumbuyo kwa mpando linasweka kalekale, ndiye ine ndinakhala pabowo pamenepo ngati wa positi ofesi.

Kona yoyamba yokhotera kumanzere inafika. Ndinaona khosi la Lester litauma. Galimoto inakhota, osapendekeka. A Nankhoma anangogwedezeka pang'ono, n'kukhala pomwe anali. Kona yachiwiri, chimodzimodzi. Yachitatu Lester anailowa ndi liwiro dala.

"Amalume! Muwafunse amayi ngati galimoto yanyamuka kapena tikadali pakhomo."

"Amayi, akuti kodi tanyamuka?"

"Muwauze ayang'ane kutsogolo."

Kumbuyo kunali nkhani ina. Tayala limodzi likaponda mwala, onse anayi ankapita kumaliro. Galimoto yonse inkadumpha pamodzi, ife n'kumenyetsa matako pa chitsulo. A Solomoni anagwira chipewa ndi dzanja limodzi, lina atagwira nsagwada.

"A Tomasi, kodi demokalase yake ndi imeneyi? Akutsogolo akudya bwino, akumbuyo tikutha mano."

"Pirirani, achimwene. Akuti chitukuko chimayambira kutsogolo."

Tinatsika mapiri, kukwera ena, kudutsa minda ya fodya yongotsala zitsa, anthu akuotcha mapesi. Pang'onopang'ono a Nankhoma anachotsa dzanja limodzi pawindo. Patapita nthawi anachotsa linalo. Kenako ndinamva kununkhira kwa mtedza wokazinga. Anali atamasula kampango pamiyendo, akudya ngati ali pakhonde pawo.

"Ankhoswe."

"Wawa, amayi."

"Muwafunse, nyumbayo ili ndi khonde?"

"Akuti ili ndi khonde?"

"Muwauze makonde awiri! Lakutsogolo la alendo, lakuseri la amayi akabwera kudzaona mdzukulu."

"Akuti awiri. Lina ndi lanu."

"Ndamva, si ine gonthi." Anatafuna mtedza. "Nanga madzi amatunga kutali?"

"Mjigo uli pafupi, amalume, woti Roza akhoza kusiya ndiwo pamoto."

A Nankhoma anatapa mtedza m'dzanja, n'kutulutsa pabowo paja osatembenuka. "Muwapatse akamwini. Munthu sayendetsa ndi njala."

Ndinalandira mtedzawo, n'kuulowetsanso pabowo lomwelo mbali inayo. Theka linatsalira m'dzanja langa, poti wa positi ofesi naye amadya. Lester anaponya mtedza m'kamwa, maso akuwala pa kagalasi koonera kumbuyo.

"Mwaona, amalume? Anzanga pa siteji ankandiseka, amvekere zitsulo zimenezo n'za magalimoto a pa tala. Lero aseke. Chaka chamawa matola onse a Dowa ndi Ntchisi adzakhala ndi sitebulaiza, ndipo adzanena kuti anayamba ndi Lester."

"Uimenso pa chisankho," ndinatero. "Chizindikiro chako chitsulo chopindika."

A Solomoni anafuna kuseka, koma tayala linaponda mwala, n'kudziluma lilime.

Dzuwa lisanafike pamutu tinasiya msewu waukulu n'kulowa kanjira ka kumudzi kwathu. Nyumba ija inaonekera patali pa kamtunda, malata akuthwanima moti munthu n'kutsinzina. A Nankhoma anakankhira chitenje cha kumutu m'mbuyo pang'ono kuti aone bwino. Pabwalo panali anthu. Mlongo wanga, mayi wake wa Lester, anali atasonkhanitsa amayi a m'mudzi kuti alandire asewere awo, ndipo atangomva kulira kwa injini anayamba nthungululu, akutsetsereka kubwera kudzatichingamira.

Pakati pa ife ndi nyumbayo panali kachigwembe kamene madzi a mvula anakumba, kodula njira mopingasa cham'mbali. Si kachigwembe koopsa. Lester anakawoloka kosawerengeka ndi njerwa, mchenga ndi malata a nyumba yomweyi. Pikapu ija ikadali yofewa inkangodzipotokola ngati mphaka, tayala ili kutsika ilo kukwera, n'kutulukira tsidya linalo. Koma chiikireni zitsulo zija anali asanadzereko.

Analiza hutala kawiri kupatsa moni amayi aja, n'kulowa.

Tayala lakutsogolo la mbali ya dalaivala linatsikira m'chigwembe. Linzake linakana kuti litsike lokha, monga analiphunzitsira. Kumbuyo nako anakana. Galimoto yonse inangouma gwa ngati tebulo, ndipo tebulo likaponda mwendo umodzi m'dzenje, mwendo wa kona inayo umakwera m'mwamba. Ine ndinangoona a Solomoni akukwera kumwamba pang'onopang'ono ngati mbendera. Tayala la pansi pawo linasiya dothi, n'kuyamba kuzungulira mumphepo.

Lester anaponda mafuta. Tayala lija linazungulira kwambiri, likulira mokoma, galimoto osasuntha. Nthungululu zinayamba kuchepa. Kwa kanthawi pikapu inangolendewera, osadziwa kogwera, ikugwedeza mutu ngati munthu woganiza.

"Amalume," anatero Lester motsitsa mawu, "muwauze amayi asasunthe."

Sindinapeze mpata wowauza. A Nankhoma anali atawerama kale kuti atole kampango ka mtedza kamene kanagwa.

Pikapu inasankha mbali. Inagwera kwa dalaivala yonse pamodzi, yosapindika paliponse, chitseko cha Lester n'kukatsamira khoma la chigwembe. A Solomoni anandipeza pakona pomwe ndinali, chipewa chawo chili kwina. Ndipo kutsogolo ndinamva pulasitiki ija ikulira kuyambira kuchitseko mpaka kuchiwongolero, kenako hutala, wautali, wosalekeza.

Nditasuzumira pabowo, Lester sankaoneka. Kunkaoneka dzanja lake limodzi, litatambasukira kudenga kuti lisakhudze munthu, ndi chitenje chatsopano chitadzaza mbali yonse ya dalaivala. Amayi a nthungululu anali atafika m'mphepete mwa chigwembe, mlongo wanga patsogolo, onse atagwira pakamwa.

Hutala analeka. Nkhope ya a Nankhoma inali ikadaloza kuwindo lawo, limene tsopano linali kumwamba.

"Ankhoswe," anatero.

"Wawa, amayi."

"Muwauze akamwini kuti ndawakhalira."